Bulu wokalamba wa diso loyera: tigule kapena timusiye?

Mpunga ukalowa m'matumba, kandalama ka usipa nako katagwirika, nkhani imene imayamba pakhonde m'mabanja ambiri kunyanja kuno ndi ya kanyamulidwe ka katundu. Kuchoka padoko kukafika pamsewu wa tara pali mchenga umene njinga imakana. Kuchoka kudambo kukafika kuchigayo pali ndalama ya kabaza, ulendo uliwonse. Amayi ndi ana akusenzabe madzi ndi nkhuni pamutu. Ndiye wina amati: bwanji tipeze ngolo ndi abulu?

Abulu kwathu kuno ndi osowa. Kumene ali ambiri ndi kumtunda, m'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe: Kasiya, Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu mpaka Namitete. Kumeneko ngolo ndiye galimoto ya mlimi. Imatuta chimanga, mtedza, soya, mabelo a fodya, njerwa ndi mchenga, ndipo msewu ukavuta nthawi ya dzinja imanyamulanso wodwala kupita naye kuchipatala. Munthu wopita kumeneko ndi ndalama yoperewera amapeza kuti bulu wamng'ono wamphamvu ndi wodula, mwinanso mwini wake safuna n'komwe kumugulitsa. Amene amakuonetsa msanga, pamtengo wokoma, ndi nkhalamba ya diso limodzi loyera ngati mwadonthezamo mkaka. Mawu a wogulitsa amakhala omwewo paliponse: kang'ala chabe aka achimwene, ntchito amagwira bwinobwino.

Nthawi zina amakhala akunena zoona. Bulu wa diso limodzi akhoza kukoka ngolo zaka zambiri popanda vuto. Choncho funso loti kodi disolo likuona si limene liyenera kutsogola. Mafunso enieni ndi awa: kodi disolo likuwawa? Chimene chidaliwononga chidatha, kapena chikubwerabe? Diso linalo lili bwanji? Nanga nkhalambayo yatsala ndi zaka zingati za ntchito? Mayankho a mafunso anayiwa ndiwo amasiyanitsa malonda abwino ndi kugula maliro.

Momwe bulu amaonera

Maso athu ali kutsogolo, ndipo onse awiri amayang'ana chinthu chimodzi. A bulu ali m'mbali mwa mutu, monga a hatchi. Lililonse limayang'anira mbali yake, moti pamodzi amaona pafupifupi kuzungulira thupi lonse, kupatula kumbuyo kwenikweni kumchira ndi kamalo kakang'ono kutsogolo kwa mphuno. Ndiye diso limodzi likafa, sikuti amangoona mwachimbuuzi ayi. Mbali yonseyo imazima. Galu, mwana, njinga yamoto, chilichonse chochokera mbali imeneyo amachizindikira ndi makutu kapena chitamukhudza kale.

Ubwino wake ndi wakuti bulu ndi nyama yodekha ndiponso yokumbukira njira. Amene adataya diso kalekale amakhala atazolowera: amapendeka mutu pang'ono poyenda, amatchera khutu la mbali yakufayo, ndipo amatsamira pa mnzake wa pangolo. Kuipa kwake ndi kwakuti bulu amabisa ululu. Ng'ombe ikadwala mumaiona. Bulu amangoima phee, mutu pansi, ife n'kumati ndi ulesi. N'chifukwa chake wogula ayenera kufufuza yekha, chiwetocho sichidandaula.

Maso oyera si amodzi

Mawu akuti ng'ala timawagwiritsa ntchito pa diso lililonse loyera, koma zoyeretsa diso zilipo zingapo, ndipo mathero ake ndi osiyana. Zambiri za matendawa madokotala adaziphunzira pa mahatchi, koma diso la bulu lidapangidwa chimodzimodzi.

Choyamba ndi chipsera. Galasi la kunja kwa diso likakalika ndi chikwapu, minga, kapesi kapena njere ya udzu, pamakhala chilonda, ndipo chikapola chimasiya banga loyera. Utomoni wa nkhadze, mtengo umene uli m'mipanda yambiri kumtundako, nawonso umawotcha diso. Chipsera chakale chimakhala chouma, m'mphepete mwake mooneka bwino, diso lotseguka ngati linzake, lopanda misozi. Sichikula ndipo sichilumphira ku diso lina. Diso lotere, ngakhale lisaone n'komwe, si chifukwa chokanira bulu.

Chachiwiri ndi diso lodwala pakali pano: lofiira, lamanthongo, misozi ikutsika mpaka kusiya mzere wonyowa patsaya. Kawirikawiri gwero lake ndi fumbi ndi ntchentche. Ntchentche zimasiyanso tinyongolotsi tating'ono toyera tokhala pansi pa chikope, ndi mphutsi zina zoyambitsa zilonda pangodya ya diso. Mwinanso kanjira kotsitsa misozi kupita m'mphuno katsekeka. Zambiri mwa izi zimachizika zikapezeka msanga. Koma misozi yomweyo ikhoza kukhala chizindikiro cha chilonda chatsopano pagalasi la diso, chimene chingaboole diso m'masiku ochepa. Bulu wotere musamugule akudwala. Achire kaye m'manja mwa mwini wake, mudzamuonenso.

Chachitatu ndi ng'ala yeniyeni. Iyi kuyera kwake kumakhala m'kati, kuseri kwa mwana wa diso, pomwe galasi la kunja lili mbee. Payokha siiwawa. Vuto lake ndi lakuti ng'ala ya ukalamba imakonda kubwera m'maso onse awiri, lina kutsogola lina pambuyo, ndipo mankhwala odontheza oichotsa kulibe.

Chachinayi ndicho choopsa kwa wogula: kutupa kwa m'kati mwa diso kumene kumabwera, kutha, n'kubweranso. Madokotala amati recurrent uveitis. Azungu akale ankakutcha khungu la mwezi poganiza kuti kumayendera mwezi. Pa mahatchi ndi matenda amene amachititsa khungu kwambiri kuposa ena onse, ndipo nthawi zambiri amalumikizidwa ndi tizilombo ta Leptospira, topezeka m'madzi oima oipitsidwa ndi mkodzo wa makoswe ndi ziweto. Akabwera, chiweto chimatsinzina, chimathawa dzuwa, misozi ili chuchuchu, diso lachita chifunga. Pakapita masiku kapena masabata diso limayera, aliyense n'kumati wachira. Koma ulendo uliwonse umasiya chiwonongeko, mpaka diso limafota n'kulowa m'kati. Matendawa akhozanso kugwira diso linalo. Apa ndiye pa chikomekome cha nkhuyu, chifukwa tsiku la msika likhoza kugwera pa nthawi imene diso lili phee.

Palinso ziwiri zosafuna kukambirana. Diso lotupa, lalikulu kuposa linzake, lotuwa mobiriwira, limatanthauza kuti madzi a m'kati akupanikizana, ndipo limawawa. Komanso kachotupa konga njerewere kapena kanyama kofiira kotuluka pachikope kapena pangodya ya diso kakhoza kukhala khansa. Mukaona chimodzi mwa izi, tsanzikani mwaulemu.

Kuyesa musanatulutse ndalama

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zida zake ndi tochi, chitenje ndi nthawi basi.

Yambani mwaima patali pang'ono kutsogolo kwake, padzuwa. Fananitsani maso awiriwo. Kodi ndi aakulu mofanana? Atseguka mofanana? Yang'anani tsitsi la pachikope chapamwamba: ku diso labwino limaloza m'mbali, ku diso lowawa limagwera pansi. Yang'ananinso patsaya ngati ubweya udathothoka kapena kumatana ndi misozi yakale. Wogulitsa akhoza kupukuta misozi ya lero, koma njira yake imatsala.

Kenaka yendetsani dzanja mwadzidzidzi kuloza diso lililonse, koma osalikhudza, osakhudza tsitsi, ndiponso osamukupiza mphepo. Diso loona limaphethira. Chitani kangapo, kuchokera kutsogolo ndi kumbali.

Mulowetseni pamthunzi wakuda, m'chigafa kapena m'khola lofolera, mudikire pang'ono, ndiye muunike ndi tochi. Mwana wa diso wa bulu ndi wopingasa, osati wozungulira ngati wathu. Mumdima amakula, kuwala kukafika amachepa. Ngati ali wamng'ono nthawi zonse, wokhotakhota m'mphepete, wosasuntha, ndiye kuti m'katimo mudatupapo kale. Nthawi yambiri muithere pa diso labwinolo, chifukwa ndilo mukugula. Kachifunga kalikonse m'menemo ndi nkhani yaikulu kuposa kuyera konse kwa diso linalo.

Pomaliza ikani ndowa, chipika ndi njerwa pabwalo limene iye salidziwa. Phimbani diso loyeralo ndi chitenje, mumukoke pang'onopang'ono ndi chingwe cholekerera. Akazilambalala bwino, diso labwinolo ndi labwinodi. Akamapunthwa, kukweza miyendo kwambiri ngati akuwoloka madzi, kapena kukana kuyenda, ndiye kuti nalonso layamba kufooka. Bwerezani madzulo dzuwa litapendeka, chifukwa diso lofooka limagonja msanga kukayamba mdima.

Ndipo musamuone tsiku limodzi lokha. Mukamuone kwawo, osati pamsika pokha, kawiri, masiku otalikirana. Funsani anyamata oyendetsa ngolo ndi oyandikana nawo nyumba: diso limeneli lidayera liti? Chidachitika n'chiyani? Limalira nthawi zina? Yankho loti adamenyedwa ndi chikwapu zaka zitatu zapitazo ndipo chiyambire sadavutikenso ndi labwino. Yankho loti limayamba n'kusiya lokha ndi belu. Safunsa adadya phula.

Ngati mungathe, tengani mlangizi wa ziweto wa m'deralo. Madokotala a ziweto ali ndi mankhwala achikasu odontheza m'diso amene amamatirira pachilonda n'kuchionetsa mobiriwira, ngakhale chitakhala chosaoneka ndi maso athu. Ndalama ya mafuta a njinga yake ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa bulu.

Mano ndi ziboda

Ambiri amatanganidwa ndi diso n'kuiwala mawu oyamba aja: wokalamba. Kunena zoona, bulu wa diso limodzi amapuma ntchito kawirikawiri chifukwa cha mano ndi miyendo, osati diso.

Tsegulani milomo. Mano a kutsogolo a ubwana amayamba kusinthika bulu ali ndi zaka pafupifupi 3, ndipo pofika zaka 5 onse amakhala aakulu. Akamakula mano amatalika, amapendekera kutsogolo, ndipo pamwamba pake pamasintha kuchoka pa kuphwatalala kukhala ngati pa ngodya zitatu. Kupyola zaka 10 palibe anganene chaka chenicheni poona mano, ndiye wina akakuuzani motsimikiza kuti ali ndi zaka 8 ndendende, funsani kuti adabadwira m'khola la yani. Bulu wosamalidwa bwino amatha kupyola zaka 30, koma wa pangolo m'maiko athu ano nthawi zambiri amathera pa zaka 12 mpaka 15.

Mupatseni mapesi kapena udzu wouma, muime pomwepo. Akamatafuna n'kumagwetsa timibulu ta udzu wonyowa, mano a m'kati adatha. Yang'anani ndowe zake: udzu wautaliutali wosagayika ukunena zomwezo. Bulu wotere adzaonda m'chilimwe ngakhale mutamupatsa chakudya chotani.

Nyamulani mwendo uliwonse. Ziboda zotalika zopindikira m'mwamba, zong'ambika kapena zonunkha pansi pake ndi ntchito ina yofuna ndalama. Muyendetseni pamalo olimba ndi kumutembenuza mbali zonse, muone ngati akutsimphina. Papasani pakhosi. Abulu ambiri a kumtunda amakoka ndi goli la ng'ombe, pomwe bulu alibe linunda, ndipo mphamvu yake ili pachifuwa. Goli limamusiyira zilonda ndi zipsera pakhosi. Bungwe la LSPCA la ku Lilongwe lakhala likugwira ntchito ndi eni abulu m'midzi pa nkhani yomweyi ya zomangira ndi chisamaliro. Zipsera zambiri pakhosi, pamsana ndi kumaso zikukuuzani moyo umene chiwetocho chadutsamo, ndipo thupi logwiritsidwa ntchito chotero limakalamba msanga.

Masamu a pakhonde

Mtengo wotsika umanyenga ngati sitiuwerengera pa zaka. Tingoyerekeza ndi manambala osavuta. Bulu wa zaka 5 akugulitsidwa K300,000 ndipo angakugwirireni ntchito zaka 8: ndiye kuti chaka chilichonse mwalipira K37,500. Nkhalamba ikugulitsidwa K180,000 koma yatsala ndi zaka 3: chaka chilichonse K60,000. Wotchipa uja ndiye wodula. Kuti afanane, nkhalambayo iyenera kutsika kufika cha m'ma K110,000. Ikanimo mitengo yeniyeni imene mwaipeza, muwerenge nokha musanapite kokambirana.

Onjezani ndalama ya galimoto yomutsitsa kunyanja, ya mankhwala a nyongolotsi, ya gaga nthawi ya chilimwe, ndi masiku amene ngolo idzaima diso likadwala.

Pali chinanso chimene chimasiyanitsa bulu ndi ng'ombe. Ng'ombe ya pangolo ikakalamba mumainenepetsa, abutchala n'kukubwezerani gawo lalikulu la ndalama yanu. Bulu alibe khomo limenelo. Nyama yake kwa ife Asilamu ndi haramu, ndipo ngakhale anansi athu ambiri saidya. Za chikopa nazonso musawerengere: mu February 2024 atsogoleri a maiko a African Union, atakumana ku Addis Ababa, adagwirizana zoletsa kupha abulu pofuna zikopa. Ndiye wogula bulu wokalamba akugulanso ukalamba wake, zaka zimene adzadye osagwira ntchito. Kumutaya kutchire kuti afisi amalize si njira ya munthu woopa Mulungu. Ngati banja silingathe kumusunga pa nthawi imeneyo, ndi bwino kudziwiratu lero.

Komabe nkhalamba ili ndi chuma chake chimene masamu saonetsa. Idaphunzira kale ngolo. Imadziwa kuima, kubwerera m'mbuyo, kudikira potsitsa katundu, ndipo siinjenjemera ndi hutala. Banja limene silidasungepo bulu limaphunzira zambiri kwa chiweto chodziwa ntchito kusiyana ndi kamwana kosaphunzitsidwa. Ndipo ngati ndi wamkazi amene akuberekabe, mwana mmodzi yekha akhoza kubweza ndalama yonse, ngakhale bere la bulu limatenga pafupifupi miyezi 12.

Kunyanja si ku Kasiya

Diso limene lili phee kumtunda likhoza kuvuta likafika kwathu. Chigwa cha Lilongwe chili pamtunda wopitirira mamita 1,000, pomwe ife tili pafupifupi mamita 500, kotentha, kowala, kwa mchenga wouluka ndi mwera. Pamatandala oyanikira nsomba ntchentche sizisowa, ndipo ntchentche ndi mdani woyamba wa diso lolira. Madambo athu a mpunga, monga ku Lifuwu ndi ku Bua, ali ndi madzi oima ndi makoswe, malo okondedwa ndi tizilombo tija ta Leptospira. Amene ali pafupi ndi nkhalango ya Nkhotakota kapena ya Liwonde akumbukirenso kashembe: matenda amene ntchentche imeneyi imafalitsa amaondetsa chiweto, amachepetsa magazi, ndipo nthawi zina amalizitsa ndi kuyeretsa maso. Pomwetsa madzi kumtsinje, mbali yakufayo ndi mbali imene ng'ona ingafike osaoneka. Mumwetseni m'ndowa pakhomo.

Ulendo wokha ndi mayeso. Kuchoka ku Kasiya kudzera mumzinda wa Lilongwe, kutsika mapiri a ku Mvera mpaka ku Salima ndi makilomita opitirira 100. Nkhalamba musaiyendetse pansi mtunda wotere. Pagalimoto aime pa udzu, osamangidwa miyendo n'kugonekedwa, nkhope yotetezedwa ku mphepo ndi fumbi, ndipo muyende m'mawa kusanatenthe.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa: abulu amakondana awiriawiri. Bulu wolekanitsidwa ndi mnzake wa zaka zambiri amatha kusiya kudya, ndipo bulu akasiya kudya masiku angapo mafuta amadzaza m'magazi, matenda amene amapha. Wa diso limodzi ndiye amadalira mnzakeyo koposa, chifukwa ndiye diso lake lachiwiri. Ngati akugulitsidwa onse awiri ndipo thumba likulola, atengeni onse. Mabanja awiri apachibale akhoza kusonkherana.

Pangano likhale poyera

Malamulo a malonda m'chipembedzo chathu amateteza mbali zonse ziwiri. Wogulitsa sayenera kubisa chilema chimene akuchidziwa, ndipo wogula akapeza chilema chimene chidabisidwa ali ndi ufulu wobweza katundu. Koma chilema chimene mwachiona ndi kuchivomera simungadzabwerere nacho mawa. Diso loyeralo mwaliona, ndiye nkhani yake yatha pomwepo. Chimene muyenera kufunsa mwachindunji pamaso pa mboni ndi mbiri yake: kodi limabwerezabwereza? Diso linalo lidadwalapo? Yankholo lilembedwe.

N'zololedwanso kugwirizana masiku oyesera, oti mukapeza vuto m'masikuwo malonda abwerere. Popeza mtunda ndi wautali, njira yabwino ndi yakuti masiku amenewo bulu akhale komweko, kwa mbale kapena mnzanu wodalirika, akugwira ntchito inu mukuona. Wogulitsa wokana zoti dokotala aone chiweto, kapena wokukakamizani kuti wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, wakuyankhani kale.

Musanyamuke opanda mapepala: kalata ya amfumu a m'mudzi umene buluyo akuchokera yotsimikiza mwini wake, kalata ya malonda yosainidwa ndi mboni, ndi chiphaso choyendetsera ziweto chochokera ku ofesi ya zaziweto. Kuba ziweto kulipo, ndipo pa zipata za apolisi adzakufunsani. Pakalatapo lembani mtundu wa ubweya, zipsera, ndi mbali ya diso loyeralo. Chilema chomwecho chimasanduka chizindikiro chomuzindikirira akadzasowa.

Ifenso pogula tisapondereze. Munthu wogulitsa bulu wake mwezi wa January nthawi zambiri akufuna chimanga kapena fizi ya mwana. Kutsitsa mtengo chifukwa cha zaka ndi diso ndi chilungamo. Kutsitsa chifukwa mwaona kuti m'nyumbamo mulibe ufa ndi nkhani ina.

Mukamubweretsa

Mupatseni sabata imodzi kapena awiri osagwira ntchito. Muyendetseni pachingwe kuzungulira pakhomo, kukhola, kumene adzamwere, njira ya kudoko. Zinthu za m'khola zisamasunthidwesunthidwe, ndipo muchotse misomali, waya ndi nthambi zosongoka zimene zili pa msinkhu wa mutu wake. Diso latsala limodzi, ndiye mulisamale ngati ndalama yomaliza.

Aliyense pakhomo, makamaka ana, aphunzire kumulankhula asanamufike kumbali yakufayo. Bulu wodzidzimutsidwa amaponya mwendo, osati chifukwa cha nkhanza koma mantha.

Pangolo ya abulu awiri, diso lakufalo likhale m'kati, kumbali ya mnzake. Ngati lakufa ndi lamanzere, iye akhale kumanja. Ngati ndi lamanja, akhale kumanzere. Motero mbali zonse za msewu zili ndi diso loyang'anira. Pa msewu wa magalimoto ambiri ngati M5, kapena usiku, bulu wa diso limodzi asakoke ngolo yekha. Gwiritsani ntchito lamba wa pachifuwa wokhala ndi nsalu yofewa m'kati m'malo mwa goli. Ngati akusenza pamsana, thumba limodzi la makilogalamu 50 ndi malire kwa bulu wamphamvu, ndiye nkhalamba ichepetseredwe. Pamchenga ngolo imalemera kwambiri kuposa pamsewu wouma, choncho maulendo awiri opepuka aposa umodzi wodzaza. Agwire m'mawa ndi madzulo, masana apume pamthunzi, madzi ali pafupi.

Chikwapu kumaso ayi. Chiphunzitso chathu chimaletsa kumenya chiweto kunkhope, ndipo maso ambiri oyera amene tikukambawa adayamba ndi mkwapulo umodzi wa mnyamata wokwiya. Woyendetsa ngolo wanu amve zimenezi tsiku loyamba.

Khola likhale kutali ndi matandala a nsomba, ndowe zichotsedwe tsiku ndi tsiku. Kansalu kodulidwa tizingwe tolendewera pamphumi kamaingitsa ntchentche, ndipo telala aliyense akhoza kukasoka. Manthongo apukutidwe ndi kansalu koyera ndi madzi owiritsa ozizira. M'diso musaikemo mchere, shuga, fodya wosina, parafini, phulusa la mabatire kapena madzi a masamba. Musagulenso mankhwala a maso a anthu n'kumudontheza mwachisawawa: ena ali ndi dexamethasone kapena prednisolone, amene pa diso la chilonda amakulitsa chilondacho mpaka diso kuphulika. Tsiku limene mwaona diso labwinolo likutsinzina kapena kulira, ntchito iime, alowe pamthunzi, ndipo mlangizi wa ziweto aitanidwe tsiku lomwelo, osati pambuyo pa Ijumaa.

Ndiye tigule?

Gulani ngati diso loyeralo ndi louma, losawawa, la chipsera chakale chodziwika chiyambi chake. Ngati diso linalo lapambana mayeso onse masana ndi madzulo. Ngati akutafuna bwino, ziboda zili zolimba, ndipo mtengo watsika molingana ndi zaka zotsala. Ngati ntchito yake ndi ya pafupi, ya njira zomwezomwezo, ali ndi mnzake pambali. Bulu wotere, Insha Allah, adzatsitsa mitolo pamitu ya amayi ndi ana kwa zaka zingapo.

Musiyeni ngati diso likulira kapena kutsinzina, ngati anthu akuti limadwala n'kuchira lokha, ngati latupa kapena lili ndi chotupa, ngati diso labwinolo lili ndi kachifunga ngakhale kakang'ono, kapena ngati akugwetsa chakudya m'kamwa. Musiyeninso ngati ndalama imeneyo ndi yokhayo imene banja lili nayo, yoti ikalowa m'madzi ukonde sugulidwa ndipo feteleza sapezeka. Zikatero sungani, muonjezere ya nyengo ikubwerayi, kapena mugwirizane ndi abale mugule wamng'ono. Abulu ku Kasiya ndi ku Nsaru sadzatha chaka chino.